TISANKHE BWINO CHITOFU CHATSOPANO

Chitofu chathu chakalamba. Chang'ambika m'mbali. Utsi ukutulukira paliponse. Nkhuni zikutha msanga, koma nsima ikuchedwa kupsa. Ena a ife tilibe ngakhale chitofu. Timaphikabe pa mafuwa atatu, monga ankachitira agogo athu.

Tsono tichite chiyani? Tigule chiyani, kapena timange chiyani?

Funso limeneli si laling'ono. Nkhuni zinapita kutali. M'midzi yambiri ya ku Angónia ndi ku Tsangano, mapiri amene kale anali ndi mitengo lero ali mbee. Amayi ndi ana aakazi amayenda mtunda wautali kuti apeze mtolo umodzi. Nthawi imeneyo akanakhala ali kumunda, kudimba kapena pa sukulu. Kotero kusankha chitofu ndi nkhani ya banja lonse, abambo ndi amayi omwe.

1. MOTO WATHU UMAPITA KUTI?

Tiyeni tiyang'ane moto wa pa mafuwa. Mphepo imalowa mbali zonse. Malawi a moto amathawira kunja kwa mphika. Akatswiri anayeza ndipo anapeza kuti mwa magawo 10 a kutentha kwa nkhuni, gawo limodzi kapena awiri okha ndiwo amalowa mu mphika. Otsalawo amangotayika.

Chitofu chabwino chimagwira ntchito zitatu. Chimatchinga mphepo. Chimasunga kutentha m'kati mwake. Chimatsogolera malawi a moto pansi pa mphika. Chifukwa chake nkhuni ziwiri kapena zitatu zazing'ono zimakwanira pamene kale tinkasonkha zikuni zikuluzikulu.

Chitofu chong'ambika sichigwiranso ntchito zitatuzi. Ngati ming'alu ili yaing'ono, tingathe kuimata ndi dothi. Koma ngati khomo lagumuka, kapena mphika sukhazikikanso, nthawi yosintha yakwana.

2. UTSI NDI MDANI

Utsi wa nkhuni umayabwa m'maso. Umatsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo tsiku ndi tsiku umabweretsa matenda, monga chibayo kwa ana ndi chifuwa chosatha kwa akuluakulu. Amene amaupuma kwambiri ndi mayi wophika ndi mwana amene ali kumbuyo kwake.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu oposa 3 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba.

Koma tisanamizidwe kuti chitofu chatsopano chokha chimathetsa vutoli. Ku Malawi, m'maboma a Chikwawa ndi Karonga, madokotala anatsatira ana oposa 10,000 kwa zaka ziwiri. Mabanja ena anapatsidwa zitofu zamakono zotulutsa utsi wochepa. Ena anapitiriza kuphika monga kale. Zotsatira zinatuluka m'chaka cha 2016. Chibayo sichinachepe pakati pa ana a m'mabanja amene analandira zitofuzo.

Tiphunzirepo chiyani? Tiphunzire kuti posankha chitofu tiyeneranso kusankha malo ophikira. Utsi uyenera kupeza njira yotulukira. Khitchini ikhale ndi zenera, kapena mpata pakati pa khoma ndi denga. Kunja kukacha bwino, tiphikire panja. Ana asewere kutali ndi utsi.

3. ZITOFU ZIMENE TINGASANKHE

Choyamba ndi mbaula ya dongo yonyamulika. Imaumbidwa monga mphika, ndipo imaotchedwa mu uvuni. Ili ndi khomo limodzi la nkhuni ndi timafuwa titatu pamwamba. Anzathu a ku Malawi amaitcha Chitetezo Mbaula. Kuno kwathu, zitofu zosatha nkhuni zimatchedwa poupa lenha m'Chipwitikizi. Mbaula imeneyi ndi yotsika mtengo. Tingathe kuitulutsa panja kapena kuilowetsa mvula ikamagwa. Imayaka ndi tinkhuni, zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo. Vuto lake ndi lakuti imalandira mphika umodzi wokha, ndipo ikagwa imasweka.

Chachiwiri ndi chitofu chomanga ndi njerwa ndi dothi. Chimamangidwa pa malo amodzi, ndipo sichisunthika. Chingakhale ndi mabowo awiri, la nsima ndi la ndiwo. Zomangira zake tili nazo pamudzi: njerwa, dothi la pachulu, mchenga ndi madzi. Chikamangidwa tisafulumire kusonkhapo moto. Tidikire chiume bwinobwino, mwina sabata imodzi kapena ziwiri. Ngati chili ndi chumuni, utsi wambiri umatulukira kunja. Koma chumuni imafuna kuchotsa mwaye kawirikawiri, ndipo isakhudzane ndi udzu wa denga, kuopa moto. Chitofu chotere chimafuna kuchizira nthawi ndi nthawi, monga timazirira nyumba.

Chachitatu ndi mbaula ya makala. Makala satulutsa utsi wambiri wooneka, ndipo anthu a m'tauni amawakonda. Koma kwa ife a kumudzi, makala ndi otha mitengo. Kuti pakhale kilogalamu imodzi ya makala, mu uvuni wa dothi mumapsa makilogalamu 6 mpaka 10 a mitengo. Ndiponso makala ali ndi ngozi yobisika. Amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ena amalowetsa mbaula m'nyumba, natseka chitseko, nagona. Mpweya umenewo umapha anthu ali m'tulo. Tisagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka.

Chachinayi ndi chitofu cha gasi kapena cha magetsi. Izi ndizo zoyera koposa, pakuti sizitulutsa utsi wa nkhuni. Koma zimafuna ndalama nthawi zonse. Botolo la gasi likatha tiyenera kukasintha kutauni. Kunena za magetsi, damu lalikulu la Cahora Bassa lili m'chigawo cha Tete, pa mtsinje wa Zambezi, komabe midzi yambiri nthambo sizinafike. Amene ali pafupi ndi tauni ndipo amapeza ndalama mwezi ndi mwezi angaganizirepo. Amene ali kutali asagule chinthu chimene chidzangokhala pakona.

4. MAFUNSO ASANU TISANASANKHE

Funso loyamba: Kodi tidzasonkhapo chiyani? Tisankhe chitofu chodya zimene tili nazo pafupi. Ngati tili ndi zitsononkho, mapesi ndi nthambi, mbaula ya dongo kapena chitofu chomanga ndizo zoyenera.

Funso lachiwiri: Kodi mphika wathu ukhazikikapo? Popita kukagula, titenge mphika kapena poto amene timaphikira tsiku ndi tsiku. Tiukhazike pamwamba. Usagwedezeke. Pakati pa mphika ndi mlomo wa chitofu patsale mpata wonga wa chala chimodzi. Mpata ukasowa, moto umazima ndipo utsi umachuluka. Mpata ukakula, kutentha kumathawa.

Funso lachitatu: Kodi chipirira mthiko? Nsima ya banja lalikulu imafuna mphamvu povundula. Chitofu chopepuka kapena chachitali chimapendama. Phala lotentha likatayika limaotcha mayi kapena mwana. Chitofu chathu chikhale chachifupi, cholemera ndi chotambalala pansi.

Funso lachinayi: Kodi chikaonongeka akonze ndani? Chitofu chimene tingakonze tokha ndi dothi chimaposa chokongola chimene zipangizo zake zili kutali. Tifunsenso ngati woumba kapena womanga amakhala pafupi.

Funso lachisanu: Kodi wophika wavomera? Nthawi zambiri ndalama zimakhala m'manja mwa abambo, koma pa moto pamakhala amayi. Abambo akagula okha osafunsa, chitofu chija chimasanduka mpando, ndipo amayi amabwerera ku mafuwa. Tikhale pansi, tikambirane. Mau a wophika akhale oyamba.

5. TIYESE KAYE

Fisi akatola fupa sadyera pomwepo. Ifenso tisathamange. Ngati mnansi wathu ali ndi chitofu chimene tikufuna, tipite tikaone. Tipemphe kuphikapo nsima kamodzi. Timufunse kuti mtolo umodzi umamukhalira masiku angati.

Pogula mbaula ya dongo, tiigogode ndi chala monga timachitira pogula mphika. Yopsa bwino imalira ngwe ngwe. Yosapsa kapena ya mng'alu imalira mogonthera. Tiyang'anenso khomo lake ndi timafuwa take, ngati zili zolimba.

Tsopano tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti banja lina limatha mitolo 3 ya nkhuni pa sabata. Ndi chitofu chatsopano likutha mitolo 2. Pa sabata lapulumutsa mtolo 1. Chaka chili ndi masabata 52. Ndiye kuti pa chaka banjalo lapulumutsa mitolo 52. Amenewo ndi maulendo 52 a kuphiri amene mayi sanayende.

Aliyense wa ife angathe kuwerengera za pakhomo pake. Tilembe mitolo ya sabata imodzi tisanasinthe. Tilembenso ya sabata imodzi titasintha. Manambala adzatiuza zoona.

6. KUSAMALA CHITOFU CHATSOPANO

Chitofu chabwino chimafuna nkhuni zouma. Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Moto umayamba wathamangitsa madziwo usanatenthe mphika, ndipo m'pamene utsi umachulukira. Tiwaze nkhuni zikhale zazing'ono. Tiziike pouma mvula isanayambe.

Tichotse phulusa m'mawa uliwonse kuti mpweya uzilowa. Tisadzaze khomo ndi nkhuni. Tivundikire mphika. Nyemba tiziviike usiku kuti zipse msanga. Tisathire madzi pa chitofu chotentha, pakuti dongo limang'ambika. Mbaula ya dongo isagone pamvula.

7. NANGA MAFUWA TIWATAYE?

Iyayi. Tinene zoona: pali ntchito zimene chitofu chaching'ono sichingathe. Nkhali ya thobwa, mgolo wa madzi, chakudya cha paukwati kapena pamaliro, zonsezi zimafuna moto waukulu. Madzulo a nyengo yozizira timafunanso kuotha moto. Ena timapachika chimanga cha mbewu pamwamba pa moto kuti utsi uchiteteze ku tizilombo.

Kotero mafuwa tiwasunge panja, pa ntchito zazikulu. Mbewu tiipezere njira ina yosungira, monga kuiumitsa bwino ndi kuitsekera m'chotengera chosalowa mpweya. Koma nsima ndi ndiwo za tsiku ndi tsiku ziphikidwe pa chitofu chatsopano. Phindu lili pamenepo, pakuti timaphika kawiri kapena katatu pa tsiku, chaka chonse.

Chitofu chabwino si chokwera mtengo ayi. Ndi chimene chikugwirizana ndi mphika wathu, nkhuni zathu ndi thumba lathu, ndipo wophika amachiyatsa m'mawa uliwonse mosakakamizidwa.

TIKAMBIRANE

1. Kodi pakhomo pathu timatha mitolo ingati pa sabata? Amakatola ndani?
2. Kodi utsi wa m'khitchini mwathu umatulukira pati?
3. Chifukwa chiyani tisagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka?
4. Kodi m'mudzi mwathu muli amayi odziwa kuumba? Nanga dongo labwino lili kuti?

TIWERENGE NDI KULEMBA

moto, utsi, nkhuni, dongo, mbaula, mafuwa, chitofu.

Nkhuni zouma, utsi wochepa.
Mau a wophika akhale oyamba.