Kambuku Woweta ndi Njira Yobwerera Kuthengo

Mwa zilombo zonse zimene anthu amasunga m'malo oonetsera nyama, kambuku ndi chimodzi mwa zimene zimasautsa ozisunga. Mkango umagona pambalambanda osalabadira maso a anthu, koma kambuku satero. Chibadwa chake nkubisala, kuyenda yekha usiku, ndi kukweza mumtengo nyama imene wagwira. Tsono mlendo amene walipira pakhomo amafuna kumuona, pamene mwini wake akufuna kusaoneka.

M'chaka cha 1907, Carl Hagenbeck adatsegula malo ake oonetsera nyama ku Stellingen, pafupi ndi Hamburg m'dziko la Germany. Iye adachotsa zitsulo zotchinga, nakumba ngalande zakuya pakati pa nyama ndi anthu. Nzeru imeneyi idayenda bwino pa mikango. Pa kambuku njosadalirika, pakuti iye amakwera ndi kulumpha modabwitsa, nchifukwa chake mpaka lero makola ambiri a akambuku amafoleredwa ndi waya pamwamba. Khola likakhala lopanda mitengo ndi pobisala, chilombocho chimangozungulira m'kanjira kamodzimodzi tsiku lonse, kusonyeza kuti mtima wake suli m'malo.

Nanga nkumusungiranji? Eni malowa amati akusunga mbewu, kuti mtundu ukatha m'thengo pakhale pokatapa. Mawu amenewa ngosavuta kunena, koma adayesedwa m'mapiri a Caucasus, kumwera kwa Russia, kumene akambuku a mtundu wa ku Persia adaatha chifukwa cha mfuti ndi poizoni.

M'chaka cha 2009 adatsegula malo oswetsera akambuku m'nkhalango yotetezedwa ya Sochi. Oyamba kufika adali ogwidwa m'thengo, amuna ochokera ku Turkmenistan ndi akazi ochokera ku Iran, koma zaka zoyamba zidapita osabereka. Mu 2012 kudabwera awiri, wamwamuna ndi wamkazi, kuchokera kumalo oonetsera nyama a ku Lisbon, m'dziko la Portugal. Amenewa, ngakhale adazolowera kupenyedwa ndi khamu la anthu, ndiwo adayamba kubereka mu 2013.

Chodabwitsa nchakuti ana awo sadaonetsedwe kwa alendo. Adaleredwa m'mipanda ikuluikulu ya mitengo ndi miyala, osunga akuwayang'anira pa makamera ali kutali. Chakudya chawo chidali nyama zamoyo zoti adzigwirire okha. Asanamasulidwe adalinso ndi mayeso ao, monga ana a sukulu: kodi atha kusaka? Kodi akaona munthu amathawa? Kambuku wosaopa munthu walephera, pakuti wotere sachedwa kulowa m'khola la mbuzi, ndipo mwini mbuzi sachedwa kutola mfuti.

Mu July 2016 akambuku atatu, Akhun, Killi ndi Victoria, adamasulidwa m'nkhalango ya Caucasus atavekedwa makolala osonyeza kumene ali. Victoria adali mwana wa akambuku a ku Lisbon aja. Kwa nthawi yoposa chaka adadzisakira yekha, koma kumapeto kwa 2017 adatsikira kumidzi ya ku Abkhazia nayamba kugwira nkhuku. Adamugwira nkumubwezera kunkhalango, ndipo kumayambiriro kwa 2018 adapezeka atafa. Killi naye adakodwa mumsampha ku Abkhazia komweko mu 2019, naphedwa.

Nkosayenera kunena kuti ntchitoyo idapita pachabe, chifukwa idaonetsa kuti mwana wa kambuku woweta angathe kuphunzira kusaka. Chimene mpanda sungamuphunzitse ndi kukhala pafupi ndi alimi ndi ziweto zawo m'nyengo ya chisanu, pamene nyama zasowa. Osungawo sadaleke. Mu 2018 adamasulanso ena awiri, Volna ndi Elbrus, ku North Ossetia, kum'mawa kwa malo oyamba aja.