Madzi akaphwa, mantha a mwana amatsala



Mitambo ikayamba kusonkhana, ambiri a ife timakwera padenga kukhoma malata ndi kukumba ngalande kuseri kwa nyumba. Anthu a ku Kawale, Biwi, Mchesi ndi Chipasula sanaiwale mvula ya mu Disembala 2017, pamene madzi analowa m'nyumba, kugwetsa makoma a zidina ndi kutenga miyoyo ya anthu. Mu Febuluwale chaka chomwecho mtsinje wa Lingadzi unali utasefukira ku Mtandire, mpaka asilikali anachita kubwera ndi helikopita kudzapulumutsa anthu. Ana amene ankanyamulidwa pamapewa masiku amenewo akula, ndipo ena ndi amsinkhu wa ophunzira athu a sekondale.

Kenako mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo maboma a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Nsanje anasakazidwa koopsa. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Namondweyu sanaononge Lilongwe, koma mabanja athu ambiri kwawo ndi kummwera, ndipo ena analandira ana a abale awo kuti adzapitirize sukulu kuno.

Ngozi ikagwa timathamanga ndi ufa, mabulangete ndi ndowa, ndipo timachita bwino. Koma pali bala lina limene siliwoneka, ndipo nthawi zambiri timalitcha dzina lolakwika: mwano, ulesi, kupusa kapena majini.

Allah analenga thupi la munthu ndi chodzitetezera. Munthu akaona choopsa, ubongo umalamula kuti m'magazi mulowe timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda kwambiri, minofu imakungika, tulo timachoka, kuti munthuyo athe kuthawa. Choopsacho chikapita, thupi limayenera kubwerera m'malo mwake. Kwa ana ena silibwerera msanga. Limakhalabe tcheru kwa miyezi ngati kuti madzi akadali pakhomo. Phokoso la mvula pamalata, fungo la matope, ngakhale kuzima kwa magetsi usiku, zimadzutsanso mantha onse aja.

Ubongo wa mwana ukadali kukula, ndipo mbali imene imathandiza munthu kudziletsa, kukonza zochita ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi imakhwima mochedwa, munthu atapitirira zaka 20. Ubongo umene uli kalikiliki kulondera ngozi sukhala ndi mpata wosunga masamu kapena sura yatsopano. Ndiye mukaona mwana amene ankaloweza msanga ku madrasa tsopano akubwereza ayah imodzi sabata yathunthu, musathamangire chikwapu. Yambani mwafunsa kuti usiku akugona bwanji.

Zizindikiro zimasiyana ndi msinkhu. Wamng'ono amabwerera kuukhanda: amayambanso kukodza pamphasa, kuyamwa chala, kukakamira chitenje cha mayi ake, ndipo ena amachepetsa kulankhula. Wa ku pulayimale amadandaula mutu ndi m'mimba koma kuchipatala osapeza malungo, amalota zoopsa, amasewera masewera a nyumba yogwa mobwerezabwereza. Amsinkhu umenewu amakondanso kudziimba mlandu. Mwana angathe kukhulupirira mumtima mwake kuti mng'ono wake anapita ndi madzi chifukwa iye anamutaya dzanja, kapena chifukwa anaphonya swala tsiku limenelo, ndipo sauza munthu aliyense. Achinyamata a sekondale ndi amene amatisokoneza kwambiri chifukwa salira pamaso pathu. Mnyamata amasanduka waukali, amajomba, mwina amayamba chamba. Mtsikana amangoti zii, magiredi n'kumatsika. Pakhomo pakakhala kuti katundu yense anapita ndi madzi, amayamba kuganiza zosiya sukulu kukasaka ganyu kapena kukwatiwa.

Ngakhale mwana wosabadwa amakhudzidwa. Mu Januwale 1998 chimphepo cha madzi oundana chinagwetsa mawaya a magetsi ku Quebec m'dziko la Canada, ndipo mabanja ena anakhala milungu ingapo mumdima ndi m'chisanu. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Suzanne King linatsatira ana a amayi amene anali oyembekezera nthawi imeneyo. Linapeza kuti ana a amayi amene anavutika kwambiri ankatsalira pa kalankhulidwe ali ndi zaka ziwiri. Pogawa thandizo, mayi woyembekezera asaikidwe kumapeto kwa mzere.

Nkhani yolimbikitsa ndi yakuti ana ambiri amachira, ndipo chimene chimawachiritsa kwambiri ndi munthu wamkulu wodekha amene ali pafupi nawo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Anna Freud ndi Dorothy Burlingham ankasamalira ana ku London mabomba akugwa, ndipo anaona kuti ana aang'ono ankasokonezeka kwambiri ndi kulekanitsidwa ndi amayi awo kusiyana ndi mabombawo. Izi zikutikhudza ife amene timatumizirana ana pakagwa vuto. Mwana wochokera ku Phalombe akafika ku Area 25 wataya nyumba, anzake, mwalimu wake, mwinanso kholo. Timamuuza kuti athokoze poti wapeza pogona ndi sukulu yabwino. Kuthokozako n'koyenera, koma mupatseninso foni alankhule ndi akwawo kawirikawiri, ndipo asasanduke wantchito wa pakhomo.

Pali mawu ena amene timalankhula ndi cholinga chabwino koma amavulaza. Mwana akalira timati alibe sabr. Kodi kupirira ndi kusatulutsa misozi? Qur'an imatifotokozera za Mneneri Yaqub (AS) amene analirira mwana wake Yusuf mpaka maso ake anachita kuyera, ndipo ndi yemweyo amene timamutchula tikamaphunzitsa za kupirira kwabwino. Mtumiki Muhammad (SAW) anagwetsa misozi mwana wake Ibrahim akumwalira. Mayi Aisha (RA) anafotokoza kuti Mtumiki akaona mitambo yakuda ndi mphepo nkhope yake inkasintha, ankalowa ndi kutuluka m'nyumba, ndipo ankamasuka mvula ikayamba kugwa. Analinso ndi nthawi yocheza ndi kamnyamata kotchedwa Abu Umayr kamene kanali ndi chisoni chifukwa kambalame kake kanafa. Ngati iye sanapeputse chisoni cha kambalame, ife tingapeputse bwanji cha mwana amene anaona khoma likugwera agogo ake?

Ndikupemphanso masheikh ndi aphunzitsi anzanga kuti tisamale polalikira kuti ngozi ndi chilango cha machimo pamene ana akumva. Wamkulu amatha kusiyanitsa chilango ndi mayesero, koma mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amangomva kuti Allah anakwiyira banja lawo. Muuzeni zoona zimene angazimvetse: mvula inachuluka, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inatha, ngalande zinatsekeka ndi zinyalala, ndipo iye sanalakwe chilichonse.

Pakhomo, bwezerani msanga ndondomeko ya tsiku ndi tsiku: nthawi yodya, yopita kusukulu, ya swala, yogona. Mwana amapeza mtendere akamadziwa chimene chikubwera. Musamukakamize kufotokoza zimene anaona, koma akayamba yekha, siyani zimene mukuchita mumvetsere, ngakhale ikhale nkhani yomweyo kachisanu. Mavidiyo a mitembo amene amazungulira pa WhatsApp asaonetsedwe kwa ana. Achinyamata apatseni ntchito yooneka, monga kutsegula ngalande za pamzikiti kapena kudziwa njira yopita kumalo okwera, chifukwa munthu amene akudziwa chochita mantha ake amachepa.

Duwa ndi ruqya zili ndi malo ake, koma sizitsekereza chipatala. Ngati patha mwezi mwana akulotabe zoopsa, sakudya, sakupita kusukulu, kapena walankhula zofuna kufa, pitani naye kuchipatala cha pafupi monga cha Kawale kapena cha Area 25. Za kufazo musadikire n'komwe mweziwo, pitani tsiku lomwelo. Ku St John of God ku Area 43 kuli akatswiri a matenda a maganizo, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana.

Kwa akuluakulu a komiti, pempho langa ndi lakuti pa sadaka imene timasonkhanitsa nyengo ya mvula tipatuleko gawo la yunifolomu, makope ndi fizi, kuti mwana amene nyumba yawo yagwa abwerere m'kalasi sabata yomweyo. Kholo limene likusunga mwana wochokera kumadera amene kunagwa ngozi lidziwitse mphunzitsi wa kalasi yake mwachinsinsi teremu ino isanathe.