Mendulo ya agogo idasowa papepala

Agogo anga aamuna ankakonda kutisimbira za ku Burma, komwe adamenya nkhondo mu 1944 ali msilikali wa King's African Rifles. Atatisiya, tidapeza m'sutikesi mwawo chikalata chowatulutsira usilikali. Nambala yawo inalipo, udindo wawo unalipo, koma pamzere wa mamendulo Burma Star panalibe.

Zidandiwawa zedi. Mendulo imeneyi Britain inkapereka kwa omwe adamenya nawo nkhondo ku Burma kuyambira pa 11 Disembala 1941 mpaka pa 2 Sepitembala 1945. Agogo anali komweko. Nanga pepala lingokhala chete bwanji?

Ndidazindikira msanga kuti nkhani za pakhonde sizikonzetsa chikalata. Pamafunika umboni: nambala ya usilikali, batalyoni yomwe anali, masiku omwe adatumikira, komanso pepala losonyeza ubale wanu ndi malemuwo. Dzina lokha silikwanira, poti alembi a nthawiyo ankalemba maina athu mmene awamvera.

Pempho lathu tidatumiza, yankho tikudikirabe. Ngati kwanu kuli sutikesi yotere, itsekuleni lero, mujambule mapepalawo pafoni chiswe chisanawapeze.