KADONTHO KA MWAZI NDI NAMBALA YACE

Wolemba: mnyamata wa m'Fomu 3, wa Bungwe la Sayansi

Mwezi wathawu, tiri kusesa m'cipinda ca Sayansi, ine ndi anzanga awiri tinapeza kope lakale kuseri kwa kabati. Cikuto cace cinali citadyedwa ndi ciswe, koma m'kati munali mizere ya manambala olembedwa ndi dzanja laudongo: 0, 0, 2, 0, 14, 3, ndi ena ambiri kufikira tsamba lotsiriza. Pamwamba pa tsamba loyamba panali liu limodzi lokha, lakuti "Mvula". Tinakondwa ndithu, pakuti ife a Bungwe la Sayansi tinali titayamba kale kuyeza mvula pano pa sukulu, ndipo tinati tsono tidzalinganiza mvula ya masiku ano ndi ya kale kuno ku Area 18. Tinathamanga nalo kwa Aphunzitsi. Iwo analiyang'ana kanthawi, natifunsa kuti, "Kodi mvula imeneyi ndi ya caka citi?" Ife cete. "Nanga anaiyeza pano pa sukulu, kapena kumudzi kwa mwini kopeli? Ndipo 2 uyu ndi mainchesi kodi, kapena mamilimita?"

Funso lotsirizali ndilo linatigwetsa mphwayi. Mvula ya mainchesi 2 ndi mamilimita pafupifupi 51, ndipo imasefukiritsa ngalande za m'mbali mwa mseu ndi kukokolola mizere m'munda. Mvula ya mamilimita 2 ingogonetsa pfumbi basi. Mnzathu wosadziwikayo anadzuka mamawa masiku onse aja, nakayeza, nalemba mokhulupirika, koma ife sitingathe kupindula ndi nambala yace ngakhale imodzi.

Anthu ofufuza ali nao maina awiri pa nkhani imeneyi. Manambala ndi mayankho amene munthu wasonkhanitsa, dzina lace ndi deta. Koma mau ofotokoza kuti anayeza ndani, kuti, liti, ndi cipangizo cotani, ndiponso ndi muyeso uti, dzina lace ndi metadata. Kope lathu lija linali ndi deta yokha. Ciri ngati botolo la mankhwala limene kapepala kace kanamatuka: mankhwala alimo, mwina ndi abwino ndithu, koma palibe mai wanzeru angamwetse mwana wace.

Tsono ndifuna ndikuuzeni, anzanga, za anthu a m'dziko lathu lomwe lino amene sanataye kapepala ka pa botolo, ndi cimene anapindula naco.

M'caka ca 1979 bungwe la ku Britain lolimbana ndi khate, dzina lace LEPRA, linayamba nchito yofufuza nthendayi m'boma la Karonga. Likulu la nchitoyi linali ku Chilumba, m'mbali mwa nyanja, ndipo oitsogolera anali Dr. Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Anchito ao, ambiri a iwo anthu a komweko, anayenda nyumba ndi nyumba m'boma lonse, kuyang'ana khungu la munthu ali yense ngati pali mawanga a khate. Cimene anacita coposa zonse ndi ici: munthu ali yense anampatsa nambala yaceyace yosasinthika, ndipo pa nambalayo analemba dzina lace, zaka zace, mudzi wace, ndi maina a makolo ace. Munthu akasamuka, kapena mkazi akakwatiwa kumudzi wina, nambala yace inali kumtsata.

Pakati pa 1981 ndi 1989 anali kubayanso anthu zikwi zambiri pa cala ndi kudonthezera mwazi pa kapepala komwa madzi. Kakauma, kanali kusungidwa pamodzi ndi nambala ya mwini wace. Iwo anali kufuna zizindikiro za khate m'mwazimo, osati kanthu kena.

Koma m'zaka zomwezo nthenda yina inali kulowa mwakacetecete. Edzi inadziwika koyamba ku America mu 1981, kacirombo kace ka HIV kanapezeka mu 1983, ndipo muno m'Malawi wodwala woyamba anadziwika mu 1985. Patapita zaka madotolo anayamba kufunsa kuti, kodi kacirombo aka kanafika liti kwathu kuno, ndipo kanafalikira bwanji? Funso lotere ndi lobvuta, pakuti munthu sangabwerere ku caka cimene cinapita kukayeza anthu. Koma ku Chilumba timapepala tija tinalipo. Anatiturutsa, nayeza mwazi woumawo, napeza kacirombo m'mwazi wotengedwa mu 1982, zaka zitatu wodwala woyamba uja asanadziwike. Poyamba anali anthu owerengeka okha, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anali ngati 2 mwa akuru 100 ali onse.

Apa ndipo ndikupemphani kuti muganizire bwino. Cikhala kuti timapepalato tinalibe manambala, akadangodziwa kuti anthu ena a ku Karonga anali nako kacirombo, basi. Sakadadziwa caka, sakadadziwa mudzi, sakadadziwa ngati anali mwamuna kapena mkazi. Koma cifukwa ca manambala aja, patapita zaka zoposa 10 anatha kutsata anthuwo ndi mabanja ao, nadziwa kuti munthu wotenga kacirombo anali kukhala ndi moyo zaka zingati m'masiku amene mankhwala otalikitsa moyo kunalibe, ndiponso cimene cinagwera ana ao ndi akazi kapena amuna ao. Mlembi amene analemba nambala pa kapepala mu 1982, mwina ali wotopa ndi dzuwa la kunyanja, sanadziwe konse kuti ali kuyankha funso limene linali lisanafunsidwe.

Nchito yina ya ku Karonga iri yofanana. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 analowa m'mayeso a katemera wa BCG, yemwe uja anatisiyira cipsera pa mkono. Timabotolo ta katemera tinali ndi zizindikiro zobisika, kotero kuti wobaya ndi wobayidwa yemwe sanadziwe cimene cinali m'katimo. Anacita dala kuti pasakhale kukondera poweruza. Cinsinsi ca zizindikirozo cinasungidwa padera. Cikadatayika cimeneco, jekeseni zonse zija zikadakhala zopanda phindu. Zotsatira zinafalitsidwa mu 1996, zakuti kubaya BCG kaciwiri kunacepetsa khate ndi theka, koma sikunaletse cifuwa cacikuru ca m'mapapo. Ndipo mu 2021 anafalitsanso za anthu omwewo atawatsata zaka 30.

Si nchito zonse zinayenda cotere iai. Mu 1938 ndi 1939 Dr. B. S. Platt ndi anzace anakhala m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, kuyeza cakudya cimene anthu anali kudya, minda yao ndi matupi ao. Nkhondo yaikuru inabuka, ndipo lipoti lao silinasindikizidwe. Mapepalawo anakhala ku London zaka zoposa 50, kufikira Veronica Berry ndi Celia Petty anawasonkhanitsa nawasindikiza mu 1992. Mwai wace ndi wakuti sanatayike. Koma ine cimandiwawa kuti mbiri ya nsima ndi ndiwo za agogo athu inagona kutsidya la nyanja nthawi yonseyo, kumene mwana wa ku Nkhotakota sakadatha kuiwerenga. Zina zinatayikiratu: mu 1919 moto unatentha maofesi akuru a Boma ku Zomba pamodzi ndi makalata ambiri a zaka zoyamba za utsamunda. Nyumba yosungira makalata a Boma inatsegulidwa ku Zomba komweko mu 1947.

Nanga lero amasunga bwanji? Nchito ya ku Chilumba ikali kupitirira, ndipo tsopano dzina lace ndi MEIRU. Inafikanso kufupi ndi ife, ku Area 25 kuseri kwa Kanengo, kumene kuyambira 2013 mpaka 2016 anayenda m'makomo kuyeza matenda a shuga, kuthamanga kwa mwazi ndi kulemera kwa thupi. Kuphatikiza ndi a ku Karonga, anthu oyezedwa anaposa 28,000. Kapena ena a inu makolo anu anali m'gulumo.

Manambala ocuruka cotere sangakhale m'kope. Ofufuza amawaika m'kompyuta yokonzedwa mwa dongosolo, monga nkhokwe yokhala ndi zipinda. Mayankho akalembedwa pa pepala, alembi awiri amawalowetsa ali yense payekha, ndipo kompyuta imalinganiza. Pamene asiyana, wina wa iwo walakwa, ndipo amabwerera ku pepala. Kompyuta imaphunzitsidwanso kukana zosatheka, monga mwana wa zaka 4 wolemera makilogalamu 90. Pambali pace pamakhala buku lomasulira, lonena kuti m'mzere wakuti 1 ndiye mwamuna, 2 ndiye mkazi, ndi kuti 99 atanthauza kuti munthu sanayankhe. Bukuli likasowa, wina angayese kuti m'mudzimo munali nkhalamba zambiri za zaka 99! Munthu akakonza nambala yolakwika, kompyuta imasunga yakale, ndi dzina la wokonzayo, ndi tsiku. Ndipo zonse zimakopedwa ndi kusungidwa m'malo awiri kapena atatu otalikirana, cifukwa moto, mbala ndi mphenzi sizifunsa. Palinso mdani wina amene Platt sanamdziwe: makina amakalamba msanga kuposa pepala, kotero osunga ayenera kusamutsa deta kuiika m'makina atsopano akale asanafe.

Wina afunsa, ndipo afunsa bwino, kuti, "Kodi si coopsa kuti dzina la munthu ndi nthenda yace zikhale m'buku?" Ndi coopsadi. Ndico cifukwa cace maina amasungidwa padera, pansi pa loko, ndipo wofufuza wopempha deta amalandira manambala okha opanda maina. Nchito yofufuza za umoyo isanayambe, komiti yoona za ufulu wa anthu oyezedwa iyenera kubvomereza, ndipo mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa ndi ena.

Ife a Bungwe la Sayansi tagula kope latsopano. Pa tsamba loyamba sitinalembepo mvula iai. Talembapo dzina la sukulu ndi caka, malo pamene coyezera caima (kuseri kwa laibulale, kutali ndi denga ndi mitengo), kuti timayeza 7 koloko mamawa m'mamilimita, ndi kuti 0 ndiye kuti mvula sinagwe, koma kamzere ndiye kuti woyeza sanabwere. Pa kamzereka tinakangana nthawi yaitali, pakuti ena anaopa kuti kadzaulula ulesi wao wa tsiku Loweruka. Aphunzitsi anaweruza kuti kakhale. Pakutha pa mwezi mlembi wathu adzakopa zonse m'kompyuta ya sukulu, ndipo pepala lina lidzapita ku laibulale. Kope lakale lija sitinalitaye. Liri m'kabati, ndipo ngati pali wina mwa aphunzitsi akale kapena makolo amene angazindikire dzanja lace, tikumpempha adzatiuze caka.