Laputopu yanu imayambira pa C:, nanga A ndi B zinapita kuti?

Tsegulani laputopu ya Windows, muona kuti posungira zinthu pamatchedwa C:. Ambirife sitinafunsepo chifukwa chake. Nkhaniyi ikuchokera ku California, kwa mkulu wina dzina lake Gary Kildall.

Mu 1974 Kildall analemba CP/M, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ang'onoang'ono. Kunalibe zodinadina pa sikirini ngati pafoni. Ukayatsa makina, umangoona A> ikukudikira kuti ulembe lamulo. Ukalemba DIR, mayina a mafayilo n'kutuluka, ndipo dzina silinkaposa zilembo 8 kuphatikiza zina 3 kumapeto. A ndi B anali malo olowetsa ma floppy disk. Hard disk itabwera, inangotenga chilembo chotsatira, basi.

Pomwe Kildall anaonetsa nzeru ndi pa BIOS. Anapatula kachigawo kolankhula ndi zida za makinawo, moti wopanga kompyuta ankangosintha kameneko, zina zonse n'kuzisiya momwemo. Ndiye pulogalamu ngati WordStar inkatha kuyenda pa makompyuta a makampani osiyanasiyana. Zili ngati Android pa Tecno, itel ndi Samsung.

Mu 1980 IBM inkafuna pulogalamu yoyendetsa kompyuta yake yatsopano, koma zokambirana ndi Digital Research, kampani ya Kildall, sizinayende. Microsoft ya Bill Gates sinagone tulo. Inapeza 86-DOS, yomwe Tim Paterson wa ku Seattle Computer Products analemba motsanzira kagwiridwe ntchito ka CP/M, n'kuigula yonse mu 1981 pa $50,000. Dzina lake loyamba linali QDOS, kutanthauza chinthu chopangidwa mothamanga, chosasalala.

IBM PC inatuluka mu Ogasiti 1981. CP/M nayo inadzagulitsidwa pa makinawo, koma pa $240, pamene DOS inali $40. Inuyo mukanagula iti?

Koma kwa ine, chomwe chinamaliza nkhani si mtengo ayi. Gates anangopatsa IBM chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamuyo, ufulu woigulitsa kwa ena pa dzina la MS-DOS n'kusunga yekha. Makampani ngati Compaq atayamba kupanga makina ofanana ndi IBM PC, onse ankagogoda kwa Microsoft.

Kildall anamwalira mu 1994 ali ndi zaka 52. Mukakhala pa laputopu madzulo ano, tsegulani Command Prompt, mulembe DIR. Ikuyankhani.