Za Msundu ndi Mankhwala Oletsa Magazi Kuundana

Tonse tidziwa kuti msundu ukaluma munthu kudambo, bala lake lichucha magazi nthawi yaitali, pamene bala la mpeni lileka msanga. Kodi chifukwa chake nchiyani?

M'magazi mwathu muli chinthu chotchedwa thrombin, chimene chiri monga mmisiri woluka ukonde. Munthu akavulala, mmisiriyu agwira chinthu china chotchedwa fibrinogen, nadula nsonga zake, ndipo zotsalazo zilumikizana nizisanduka ulusi wotseka bala. Nchito imeneyi njabwino pabala. Koma ikachitika m'kati mwa mtsempha, magazi oundanawo atseka njira ya kumapapo kapena kubongo, ndipo munthu angathe kufa ziwalo, kapena kumwalira kumene.

M'chaka cha 1884 John Berry Haycraft adapeza kuti msundu uli ndi mankhwala oletsa kuundanaku, amene pambuyo pake adatchedwa hirudin. Hirudin agwira thrombin pa malo awiri, pogwirira fibrinogen ndi podulira pomwe. Tsono womangidwa manja onse awiri adzaluka bwanji? Mankhwala a dabigatran atsata nzeru yomweyo, koma atseka podulira pokha.

Heparin, amene adapezeka m'chaka cha 1916 ku Baltimore, ayenda njira ina. M'magazi muli kale mlonda, dzina lake antithrombin, wogwira thrombin, koma ngwochedwa. Heparin akakangamira pa mlondayo, liwiro lake lichuluka pafupifupi ka 1,000.

Warfarin adachokera ku tsoka la alimi a ku Canada ndi North Dakota, amene m'zaka za m'ma 1920 ng'ombe zao zinkafa ndi kukha magazi zitadya udzu wochita nkhungu. Karl Paul Link ndi anzake ku Wisconsin adafufuza ululuwo; m'chaka cha 1948 warfarin adatuluka monga mankhwala opha makoswe, ndipo mu 1954 adaloledwa kwa anthu. Iye sagwira thrombin ai, koma m'chiwindi atsekereza chimene chikonzanso vitamini K, kotero kuti chiwindi chibala amisiri opunduka. Nchifukwa chake mphamvu yake ioneka patapita masiku angapo.

Tsono abale, wakumwa warfarin asaonjeze kapena kuchepetsa yekha, pakuti akachuluka magazi akha osaleka, akachepa aundananso. Azipita kukapimitsa magazi pa tsiku loikidwa. Ndiwo zamasamba, zimene ziri ndi vitamini K, azidya mwa muyeso umodzimodzi. Asamwe aspirin popanda kufunsa dokotala. Ndipo mai woyembekezera aziulula msanga kuchipatala, chifukwa warfarin aononga mwana m'mimba.