Pampu ya dizilo ya m'thanki: chinsinsi chili pa waya

Pampu ya m'thanki ndi kachinthu kakang'ono, koma ikafooka imapha chinthu chodula kwambiri: pampu yaikulu ya pa injini, ija imakankhira dizilo ku ma injector. Ndiye mukamva makaniko akuti "tingolumikiza dayirekiti bwana, iyenda," gwirani kaye thumba lanu. Ine ndimati ntchito imeneyi theka ndi sipanala, theka ndi waya, ndipo pa wayapo ndi pamene pamafera ndalama.

Ntchito ya kapampuka ndi kutunga dizilo m'thanki n'kumupereka ku pampu yaikulu kudzera mu fyuluta. Dizilo yemweyo ndiye amaziziritsa ndi kufewetsa zitsulo za m'pampu yaikulu ija. Akachepa, zitsulo zimapekesana zouma. Eni ma Dodge Ram a injini ya Cummins ku America, opangidwa pakati pa 1998 ndi 2002, anaziona zimenezi. Kapampu kotunga kanali pa injini, ndipo kakatopa kankafa limodzi ndi pampu yodula ya Bosch VP44. Kenako kampaniyo inayamba kukaika m'thanki, chifukwa pampu yamagetsi imakankha bwino kusiyana ndi kukoka.

Musanagule, dziwani kaye galimoto yanu. Si ya dizilo iliyonse ili ndi pampu m'thanki. Toyota Hilux D-4D imadzikokera yokha mafuta, n'chifukwa chake pa fyuluta pali kopopera ndi dzanja. Land Rover Td5 ili nayo, ndipo imafuna mphamvu ya 4 bar, pamene VP44 ija imakhutira ndi pafupifupi 1 bar. Choncho zoti "pampu ndi pampu basi" ndi bodza. Gulani yolembedwa kuti ndi ya dizilo, ya mphamvu yomwe injini yanu imafuna.

Poyamba ntchito, chotsani waya wa negative pa batire. Inde, dizilo sayaka msanga ngati petulo, koma kodi mukudziwa zomwe zinasakanizidwa m'chigubu chomwe munagula pamsewu nthawi ya kusowa kwa mafuta ija? Fodya ndi foni yotchaja zikhale kutali.

Galimoto zina, monga Discovery 2, zili ndi kachitseko pansi pa kapeti kumbuyo. Zina mpaka mutsitse thanki, ndiye yambani mwakhuthula mafuta. Pukutani fumbi lonse pamwamba musanatsegule, chifukwa kamchenga kamodzi kakhoza kuwononga injector. Ikani chizindikiro pa mapayipi kuti mudziwe yopita ku injini ndi yobweza mafuta. Potulutsa pampu yakale samalani kamkono ka choyandama. Kakapindika, geji izikunamizani kuti mafuta alipo pomwe atha. Tsukani thanki, ikani kasefa katsopano ndi labala watsopano wa pakamwa. Payipi yokhala mkati mwa thanki ikhale yopangidwira kumira m'mafuta, yolembedwa 30R10. Payipi wamba imafufuma n'kusweka.

Tsopano waya. Pampu imadya magetsi ambiri ndithu, ndipo imalira nthawi yonse imene injini ikuyenda. Mukaitengera magetsi pa kiyi, kapena kuba pa waya wa wailesi, mawaya ang'onoang'ono aja amatentha, magetsi amafika operewera, pampu imazungulira mwaulesi. Galimoto imalira bwinobwino pagalaja, koma pa chitunda mphamvu n'kutha.

Njira yake ndi relay. Kabokosi kameneka kali ndi miyendo ya manambala. Pa 30 pamabwera waya wonenepa wochokera ku batire, wodzera pa fyuzi. Fyuziyo ikhale pafupi ndi batire penipeni, ya saizi yomwe opanga pampu analemba, osati msomali kapena pepala la siliva. Pa 87 pamachoka waya wonenepanso wopita ku pampu. Pa 85 ndi earth. Pa 86 pamabwera kawaya kakang'ono kongouza relay kuti yatsa. Mukatero, kiyi ikungolamula, katundu wolemera akusenza ndi batire.

Kawaya kolamulako musakatenge paliponse. Ngati galimoto ili ndi kompyuta yoyendetsa pampu, tengani pa waya wake wakale. Ngati ilibe, padutse switchi yodula magetsi injini ikazima kapena galimoto ikagunda chinthu. Taganizani: mwachita ngozi, payipi yaduka, inu muli mkati, pampu ikungopopera dizilo pa ekizozi yotentha. Apa nkhani si ya ndalamanso ayi, ndi ya moyo.

Earth imangidwe pa chitsulo cha chassis chopalidwa bwino, chopanda penti kapena dzimbiri. Polumikiza mawaya pasakhale popotokola ndi zala n'kukulunga tepi. Pansi pa galimoto pamadutsa matope ndi madzi a dzinja, tepi imamatuka. Fungani ndi zolumikizira zenizeni, ndipo waya adutse kutali ndi ekizozi ndi m'mphepete mwa zitsulo zakuthwa.

Mukamaliza musathamangire kuliza. Tsegulani kiyi kangapo osaliza injini, mumve pampu ikung'ung'uza, mpweya utuluke m'mapayipi. Yang'anani ngati pakudontha. Kenako pimani magetsi pa pulagi ya pampu injini ikulira. Batire ikamaonetsa pafupifupi ma volt 14, pa pampu pasasiyane kwambiri. Pakasiyana, waya kapena earth ili ndi vuto.

Chinanso, pampu imeneyi imazizira ndi dizilo yemwe yamiramo. Ndikudziwa kuti mafuta ndi odula ndipo ambirife timayendera ka nyali kofiira, koma thanki ikamakhala pansi nthawi zonse pampu imatentha ndi kuyamwa mpweya.

Kaya mukupanga nokha kaya mwapereka kwa mmisiri, funsani mafunso atatu musanalipire: relay ili pati, fyuzi ili pati, nanga injini ikazima pampu isiya? Mmisiri wodziwa ntchito akulozerani ndi chala. Akayamba kukanda mutu, tengani kiyi wanu.